Za ku una

Chimanga chikangolowa m'nkhokwe, anyamata a ku Malingunde amatenga makasu ulendo wa kumunda. Osati kukalima ayi. Ndi nyengo yokumba mbewa, ndipo milandu yake simachedwa.

Mnyamata wina chakufupi ndi damu la Kamuzu anakumba una wa chitute m'munda wa eni. Paja chitute ali ndi matumba m'masayamu, amatutiramo mbewu n'kukaunjika pansi. Mnyamatayo anapeza chitute wonenepa ndi mtedza wodzaza chipewa. Mwini munda anati mtedzawo ngwake. Mnyamata anati ayi, mtedza ngwa chitute, ndipo chitute ngwa amene wakumba. Nkhani inafika kwa anyakwawa.

"Umboni mwabwera nawo?" anafunsa agogowo.

"Tabwera nawo, mfumu."

"Usiyeni pompano, ndiuunike bwino usiku uno."

Kutacha, anthu anamva kuti mlandu watha, chifukwa wakuba ndi katundu wobedwa onse sakuonekanso. Anyakwawa anali akutokosa m'mano.

Ku Mitundu nako, mlenje wina wachichepere anasowa thumba, n'kuika akapuku ake m'matumba a kabudula. Anaiwala kuti mbewa imayenda ndi alendo. Ikafa n'kuzizira, utitiri umasamuka kukafuna nyumba yofunda, ndipo yapafupi inali mlenje yemweyo. Pofika pamsika mwanayo anali akudumpha, akudzimenya ntchafu, mpaka amayi ena anayamba kuwomba m'manja kuti mwina gule watuluka msanga chaka chino. Tiseke pang'ono pokha: utitiri wa makoswe ndi mbewa ndi umene umafalitsa mliri uja unavuta ku Nsanje mu 2002.

Mfuko ndiye mbala yaulemu. Sionekera kunja, imangodya mbatata cham'munsi, masamba n'kusiya obiriwira bwinobwino. Mayi wina anazula kholowa n'kupeza mizu yokhayokha, anatha sabata osawayankhula apongozi ake.

Koma amene amandisangalatsa ndi mabwana a pamsewu wa M1. Galimoto inaima pa Nathenje, anyamata n'kuthamangira ndi mipani yawo. Bambo wa tayi anatsitsa galasi pang'ono.

"Ine zimenezi sindidya, ndikugulira mlonda wanga."

"Chabwino bwana, tengani mpani uwu."

"Ayi, awo ndi akapuku okhaokha, auma kale. Kapeta mulibe? Wamafuta uja. Ndipo uyu mchira wake watalika, mwatiikira khoswe apa. Mchere munathira wokwanira?"

Mlonda ameneyo ali ndi bwana womudziwa bwino zedi.

Tsiku lina mdzukulu wophunzira ku Bunda ankawafotokozera agogo ake za bwampini. Anati ku Morogoro m'dziko la Tanzania, bungwe la APOPO limaphunzitsa abwampini kununkhiza mabomba okwirira pansi, ena amanunkhiza TB m'makhololo a odwala. Anagwirapo ntchito ku Mozambique, ndipo mmodzi, dzina lake Magawa, analandira mendulo yagolide mu 2020 chifukwa cha mabomba amene anapeza ku Cambodia.

Agogo anamvetsera, fodya ali m'manja.

"Bwampini yemweyu wotibera chimangayu?"

"Yemweyo, agogo. Malipiro ake nthochi ndi mtedza. Mu 2021 anapuma pantchito."

"Anapuma?"

"Eya, atakalamba."

Agogo anakhala duu, kenaka anasendera pafupi.

"Tsono mdzukulu wanga, atapuma pantchitopo, anamudya ndani?"