Tiyi wa alamu watsika kufika pa 0.05

Shuga m'dziko muno amakwera mtengo osatsanzika. Nzimbe zili mbwee ku Nchalo ndi ku Dwangwa, koma paketi ikafika pa okala ya kwathu mtengo wake umakhala ngati yabwera pa ndege. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ine ndi chitini cha shuga timangopatsana moni wa patali.

Chipulumutso chachokera kwa mwana wanga wamkazi wa Fomu 3, yemwe fizi yake ndinkalipira mong'ung'udza. Akuti mu Chemistry mulibe zoti "thirani pang'ono". Ukafuna kudziwa magalamu oti usungunule, umachulukitsa zinthu zitatu: molarity imene ukufuna, malita a zosakanizazo, ndi kulemera kwa mole imodzi ya chinthucho. Mole ya mchere ndi magalamu 58.5, ya shuga ndi 342. Mu mole iliyonse muli tizidutswa tochuluka mwakuti nambala yake ndi 6 wotsatana ndi manambala ena 23. Nambalayi anaitcha dzina la Avogadro, mkulu wa ku Italy amene ndikukhulupirira kuti analibe mlamu wogona pabalaza pake.

"Ndiye adadi, m'paketi ya kilogalamu muli ma mole osakwana atatu."

Osakwana atatu! Ndalama zonse zija!

Usiku womwewo ndinakhazikitsa lamulo. Kapu ya pakhomo pano ndi malita 0.25. Tiyi wa molarity 0.1 ndiye kuti 0.1 kuchulukitsa ndi 0.25 kuchulukitsanso ndi 342, yankho magalamu 8.55, masupuni aang'ono awiri. Umenewo ndi mlingo wa mwini nyumba. Apongozi amamwa 0.2, chifukwa banja ndikulifunabe. A landilodi akabwera lendi isanaoneke amalandira 0.3 ndi mpando wa khushoni. Abusa anali pa 0.2, koma chilalikireni za chakhumi masabata otsatizana ndinawabweza pa 0.1, tigwirizane kaye. Anzanga a bawo ali pa 0.025, theka la supuni, ndipo amene wandidya nkhomo zambiri amangomva fungo.

Vuto ndi alamu. Anabwera m'tauni kudzafuna ntchito, ntchitoyo mpaka lero sinawapeze. Ndisanawatulukire ankathira masupuni asanu ndi imodzi osefukira, kenaka n'kubwezera supuni yonyowa m'chitini kuti shuga womatirirayo akanyambitire kuseri. Ndinawaika pa 0.05, supuni imodzi. Iwo sanadandaule. Anangosiya kutakasa: amamwa wapamwamba wopanda kukoma, akafika pansi pamene shuga wakhazikika amamwa pang'onopang'ono, maso ali chitsinzinire. Mwana akuti madontho omalizawo amaposa a landilodi.

Wandiphunzitsanso kuti suyamba wadzaza madzi kenaka n'kuthira shuga. Umasungunula shuga m'madzi ochepa, ndiye n'kuwonjezera madzi mpaka pa mzere wa botolo loyezera. Kapu ya alamu ilibe mzere, koma ili ndi pobenthuka, ndiye tinagwirizana kuti malire ndi pamenepo. Mayi a kunyumba anangoti, "Abambo, mukamaliza kuwerengetsa shuga muwerengetsenso ma mole a zimene mumamwa Lachisanu." Funso limenelo silili mu silabasi.

Musaseke kwambiri, masamu amenewa ndi amene ali m'kapaketi ka ORS kamene mumapatsa mwana wotsegula m'mimba. Shuga wa glucose wofunika ndi 0.075 pa lita, mole yake ndi magalamu 180, yankho 13.5. N'chifukwa chake amati kapaketi kamodzi, lita imodzi, osati botolo lililonse limene mwalipeza. Dripu ya mchere ya kuchipatala ndi magalamu 9 pa lita, ndipo pamenepo palibe za apongozi kapena alamu.

Koma mwana amene wandiphunzitsa zonsezi sanayezepo ngakhale galamu imodzi. Ku sukulu yake yoyendera kulibe labotale. Sikelo anaiona atajambula aphunzitsi pa bolodi ndi choko, botolo la khosi lalitali lokhala ndi mzere lija analiona m'buku limene amawerenga anthu asanu. Pa mayeso a Fomu 4 adzapikisana ndi anzake amene agwira zidazo chiyambire Fomu 1, ndipo akadzalakwa tidzati ana a masiku ano ndi aulesi. Kenaka tidzaima pa nsanja n'kumafunsa kumene kwapita asayansi a dziko lino.

Ine monga kholo ndinayesetsa. Ndinatenga supuni imodzi ya shuga m'kajumbo, ine ndi mwana ulendo kwa a butchala a pamsika kuti aone sikelo yeniyeni ikugwira ntchito. Anaika kajumboko, chala chachikulu chili chapafupi monga mwa masiku onse, muvi n'kuloza magalamu 125. Mwana anawerengetsa pomwepo: malinga ndi sikelo imeneyo, alamu akhala akumwa pafupifupi 1.5 m'mawa uliwonse. Bilu yawo ndalemba kale, ndikungosowa munthu wokawapatsa.