Nsomba yowola ndi imene ikuwala

Amene anayamba kunena kuti nsomba ikawola imodzi zonse zawola sanasuzumirepo kunsi kwa thabwa la mabatani a gemu. Akanasuzumira, mwambiwu ukanatalika moti agogo akanamatha mpweya asanafike pokalipira mwana.

Mlamu wanga anadzikhomera yekha makina a gemu, a mtundu uja woponyamo ndalama yachitsulo. Mkati muli kakompyuta ka Raspberry Pi, pamwamba pali mabatani 6 a wosewera aliyense, monga a Capcom anaikira pa Street Fighter II mu 1991: atatu a zibakera, atatu a mateche. Anthu ankathidzimulana bwinobwino masiku amenewo popanda batani kuyaka, koma alamu anafuna oyaka. Mwezi wathawu anayi anazima nthawi imodzi, iwo n'kugamula mlandu pomwepo: "Alamu, katunduyu ngwachinyengo. Yense ndikukataya."

Dikirani kaye. M'batani loyaka muli zinthu ziwiri zosadziwana: kaswichi ka miyendo itatu yolembedwa COM, NO ndi NC, ndi kanyale ka LED ka miyendo iwiri. N'chifukwa chake batani lozima limaponyabe chibakera. Kanyaleko kali ndi khalidwe: magetsi amakalowera mbali imodzi yokha. Mukakatembenuza sikayaka, komanso nthawi zambiri sikafa, kamangokhala duu kudikira kuti mukakonze. Ka 12V mukakapatsa 5V ya pa USB kamayaka monyinyirika. Ka 5V kakasochera pakati pa anzake a 12V kamawala kamodzi mwaukali, basi maliro. Ndipo kamafa kokha. Nyalezi iliyonse imatunga magetsi payokha, choncho oyandikana nako amapitiriza kuwala ngati sanamve uthenga. Apa mwambi wagwa chagada.

Udzukanso tikafika pa waya wakuda wa negetivu. Kuti asawononge waya wambiri, anthu amaudumphitsa kuchoka pa batani ili kupita pa linzake, ngati chambo chotungidwa pa chingwe chimodzi. Pa batani lililonse pali kachitsulo kofinyira mawaya awiri, wobwera ndi wopitirira. Wopitirirayo akapulumuka pa batani lachisanu ndi chitatu, onse a kutsogolo kwake azima. Nanga lachisanu ndi chitatulo? Likuwala mwee, poti waya wake wobwera ukadali bwinobwino.

Ndiye inde, imodzi yawoletsa zinzake. Koma si zonse, ndi zakumapeto kwa chingwe zokha, ndipo yoyambitsa ndi imene ikuoneka yaukhondo koposa. Zimenezi zimandikwiyitsa kuposa mmene nkhani ya thabwa iyenera kukwiyitsira munthu wamkulu. Ndaonapo kuntchito anthu akuitanidwa mmodzimmodzi kukafotokoza chifukwa chake sakugwira ntchito, pamene amene anakhalira kalata ya zipangizo zawo akuyamikiridwa kuti desiki yake ilibe dandaulo. Ozima ndiwo amaoneka, ndiwonso amazulidwa.

Pa thabwa pokha chilungamo n'chotchipa. Musayambe ndi ozima, pitani pa lomaliza kuwala. Zimitsani magetsi, ikani mita yoyezera pa malo aja imalira mawaya akakhala olumikizana, kansonga kamodzi pa negetivu ya kugwero, kena muziyenda nako batani ndi batani. Pamene mita yasiya kulira, bwererani sitepe imodzi, kokani waya pang'ono. Ukatsalira m'manja, tengani pulayasi.

Palinso tsiku lina limene onse amafooka limodzi popanda wowola ndi mmodzi yemwe. Doko la USB 2.0 limalonjeza 500 mA basi, ndipo kanyale kamodzi kamadya pafupifupi 20 mA. Nyale 25 zamaliza zonse, kabolodi kotumiza zibakera ku kompyuta kasanalawe. Onjezani mabatani a Start, a ndalama, a kutsogolo ongokometsera, muona gulu lonse likuphethira. Pamenepo mankhwala ndi adaputala yapadera ya nyale zokha. Akale akanati zonse zawola, chonsecho n'zanjala chabe.

Amisiri ena ochenjera amatenga mapeto a waya wakuda uja n'kuwabwezera kugwero, kuti negetivu izilowera mbali zonse ziwiri. Waya ukapulumuka malo amodzi, palibe batani lozima, palibenso amene angadziwe. Mudzadziwa tsiku limene upulumuke pachiwiri, ndipo pamenepo olakwa ali awiri, onse akuwala, wina uku wina uko.