Masabata awiri okha pachaka? Ndirande yakana

Sabata yathayi pa saluni ina pafupi ndi msika wa Ndirande panali chisoni ngati pagwa zovuta. Mayi woluka tsitsi anafika maso ali psuu, ndipo kasitomala wake woyamba anakhala ola lathunthu mutu uli wolukidwa mbali imodzi, meshi ili lende paphewa. Chomwe chinasowetsa mayiyu tulo ndi filimu ya ku South Korea yotchedwa Crash Landing on You, yomwe anakaitenga pa fulashi kwa mnyamata wobena mafilimu.

"Asisi, tamvani," anatero akuloza kasitomala ndi chipeso. "Magawo 16, lililonse kupitirira ola. Ndiwo zandipserera kawiri. Ndiye pomaliza andiuze kuti anthu awiriwa azionana masabata awiri okha pachaka? Ukwati uli kuti? Ana ali kuti?"

Kwa amene simunaionere, nkhani yake ili motere. Yoon Se-ri, mwana wa mpondamatiki wa ku Seoul yemwenso ali ndi kampani yakeyake, akuuluka ndi palachuti pamene chimphepo chikumutenga n'kukamuponya kutsidya kwa malire, ku North Korea. Kumeneko akugwera m'manja mwa Kaputeni Ri Jeong-hyeok, msilikali wosalankhulalankhula, yemwe akumubisa kunyumba kwake m'malo mokamupereka. Filimuyi inalembedwa ndi Park Ji-eun ndipo inaonetsedwa pa kanema wa tvN kuyambira Disembala 2019 mpaka Febuluwale 2020. Kuno ikuyendabe m'mafulashi ndi m'mafoni, ndipo aliyense woimaliza amabwera ndi mlandu wake.

Mu minibasi yochokera ku Limbe mlandu unali wina. Mtsikana wina wa kukoleji anati za Se-ri ndi kaputeniyo sizikumukhudza kwenikweni, chifukwa awiriwo angakhale movutikira akuonanabe. Iye akulirira Seo Dan, chibwenzi chomwe makolo anakonzera kaputeni, mtsikana woimba cello amene anadikira zaka zambiri mwamuna wosamuyang'ana n'komwe. Atangopeza womukonda, Gu Seung-jun, tambwali uja wothawa ndi ndalama za eni, mnyamatayo akuomberedwa pomupulumutsa n'kufera mu ambulansi. "Analakwa chiyani mwana wa eni ake?" anafunsa mtsikanayo minibasi yonse. Kondakitala, yemwe tonse tinkayesa kuti akuwerenga chenji, anatembenuka n'kunena kuti iyenso pamenepo anazimitsa foni n'kupita panja kukapuma mpweya. Minibasi yonse inafa ndi phwete, ndipo mayi wina wonyamula dengu la tomato anamugwira mkono kumupepesa.

Pa siteji ya kabaza dandaulo ndi lakuti Kaputeni Ri wawonongera amuna onse msika. Munthu uja amakazinga yekha khofi pamoto kuti mkazi amwe m'mawa. Amaphika. Mkazi atasochera mumsika mdima utagwa, iye akuimirira pakati pa chikhamu atakweza kandulo m'mwamba kuti amuone. Posiyana naye anasiya atakonza mauthenga a pafoni oti azimufikira mkaziyo kwa chaka chathunthu. "Amwene, kunyumba sikukukhalika," anatero mmodzi akupukuta njinga yake. "Dzulo magetsi atazima ndapempha machesi, mayi akunyumba akuti anzanu amakweza kandulo osauzidwa." Mnzake anamuyankha kuti kandulo ndi yotchipa, agule basi akweze, nkhani ithe. Madzulo ake anaoneka akutuluka mu okala ndi makandulo awiri m'thumba la malaya.

Amayi a banki m'khonde ya kuseri kwa tchalitchi alibe nazo ntchito za achikondiwo. Iwo mtima wawo uli pa amayi a m'mudzi wa asilikali komwe kaputeni anabisa Se-ri: kudyerana miseche pochapa, kupikisana pokometsa nkhope kwa mkazi wa bwana wamkulu, kusunga ndiwo m'dzenje lozizira chifukwa magetsi sadalirika, kenako tsiku la mavuto onse n'kukhala amodzi. Msungichuma wa gululo anati ataona sitima itaima pathengo usiku wonse magetsi atathima, ogulitsa malonda akuthamangira kumawindo, apaulendo akuotcha chimanga pamoto, anaitana mwamuna wake kuti adzaone abale awo. Chowawawa n'chakuti Se-ri sadzawaonanso amayi amenewa, ngakhale asilikali anayi a kaputeni omwe ankadya naye ngati alongo ake. Mmodzi anati chikondi cha mwamuna wolemba anachipezera njira, koma chinansi anachisiya chikulendewera.

Amene anayesa kuziziritsa mitima ndi mphunzitsi wina wopuma pantchito, yemwe amakonda kukhala pa benchi ya telala. Iye anati wolemba filimuyi analibe kolowera. Korea anagawidwa pakati mu 1945. Nkhondo ya abale okhaokha inayamba mu 1950, ndipo pa 27 Julayi 1953 anangosainirana zoleka kuomberana, pangano lenileni la mtendere palibe mpaka lero. Pakati pawo pali kamtunda ka makilomita 4 m'lifupi ndi pafupifupi 250 m'litali, kodzaza minga ya waya ndi mabomba okwirira. Munthu wamba wa ku Seoul sangaimbire foni mbale wake wa ku Pyongyang, ngakhale kumulembera kalata. Mu Ogasiti 2018 nkhalamba zina zinaloledwa kukaonana ndi abale awo ku phiri la Kumgang patatha zaka zoposa 60, ndipo zinapatsidwa masiku atatu basi. Kaputeni akanathawira kummwera, bambo ake omwe ndi mkulu wa asilikali ndi mayi ake akanaona zakuda. N'chifukwa chake awiriwo akukumanira ku Switzerland, komwe mnyamatayo anaphunzirako piyano, iye akubwera ngati woimba, mkaziyo ngati wothandiza ana ophunzira nyimbo. Telala anamvetsera zonse singano ili pakamwa, kenako anati mbiri yamveka aphunzitsi, koma mtima sunamve.

Mawu omwe anakhazika anthu chete anachokera kwa agogo ena omwe anabwera ku saluni ija kudzaperekeza mdzukulu. Atamva mkangano anafunsa kuti vuto n'chiyani, ndipo atawafotokozera anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Ana inu, masabata awiri mukuti achepa? Agogo anu aamuna atapita ku Wenela ndinakhala zaka ziwiri ndikungoyang'ana kumsewu. Kalata inkabwera mvula itadutsa." Pakona panali mayi wachitsikana yemwe mwamuna wake ali ku Joni ndipo amabwera pa Khirisimasi pokha. Sanalankhule kanthu. Anangowerama n'kuyamba kupapasa foni yake.

Ine ndikuona kuti mkwiyo wonsewu gwero lake ndi pamenepa. Timaonera mafilimu a chikondi kuti atipatse chomwe moyo umatimana, tsono iyi inatibwezera chinthu chomwe tikuchidziwa bwino: kukonda munthu amene ali kutsidya kwa malire, kuwerenga miyezi, kusesa pakhomo sabata yoti akubwera. Ndirande ili ndi makomo ambiri otere. Nkhani yomwe yapangitsa kondakitala kutuluka panja ndi wakabaza kugula kandulo yagwira ntchito yake, ndipo ine ndikuiyamikira ngakhale inandipweteka.

Chitonthozo chinabwera ndi mnyamata wobena mafilimu uja, atamva kuti akufunidwa kuti abweze ndalama. Anaonetsa amayi a pa saluni aja zithunzi pafoni: Hyun Bin ndi Son Ye-jin, omwe anasewera ngati kaputeni ndi Se-ri, anakwatiranadi pa 31 Marichi 2022, ndipo mu Novembala chaka chomwecho anabereka mwana wamwamuna. Nthungululu inamveka mpaka kumsewu. Anawonjezera kuti ku Iseltwald, kamudzi ka ku Switzerland ka m'mbali mwa nyanja ya Brienz komwe kaputeni anaimbira piyano, alendo anachuluka mpaka eni mudzi anayamba kulipiritsa mafranki 5 kuti munthu aponde pa kadoko komwe anaimbirako. Msungichuma wa banki m'khonde anafunsa kuti ndi zingati pa makwacha.

Woluka tsitsi uja anamaliza mbali yotsala ya mutu wa kasitomala wake akung'ung'udza kanyimbo. Fulashi sanabweze; akuti ayambirenso gawo loyamba, pano akudziwa poti alirire. Ndipo mayi wa pakona uja, tikutuluka, tinamupeza panja atatsamira khoma, foni ili kukhutu, akufunsa kuti basi ya Disembala idzafika pa Mwanza tsiku liti.