Ndadziwakale pa Bolodi la Tchesi

Makolo athu, amene tchesi sadaione ndipo sadasowe nayo tulo, adatisiyira mwambi wakuti Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo. Ndipo ine, pokhala ndaona anthu a ulemu wawo, a mataye pakhosi ndi magalasi pamphuno, atagwira njakata chifukwa cha timitengo tosema toimikidwa pa bolodi la zipinda 64, ndafika pokhulupirira kuti mmisiri ameneyu, ngakhale manda ake sadziwika, adasiya mbumba yaikulu ndithu, ndi kuti adzukulu ake ambiri masiku ano amapezeka ataweramira ndagi za tchesi, zija zimalembedwa kunsi kwake kuti Oyera ayambe, naphe mfumu pa ulendo wachiwiri.

Nyumba yopanda khomo ilimodi m'masewera amenewa, ndipo woimanga ndi mfumu mwini wake. Pakuti mfumu ya tchesi, pokhala yamantha ndi yoyenda chipinda chimodzi chimodzi, imathawira kungodya nkhondo ikangoyamba, nikhala pa g8 kumbuyo kwa asilikali ake atatu a pa f7, g7 ndi h7, nkumadziuza mumtima kuti linga lotere palibe muvi ungalipyoze. Koma tsiku limene nsanja zake, zija osewera amangozitcha rook, zichoka pamzere wa kunyumba kukafuna zofunkha kutali, nsanja ya mdani imatsetsereka mwakachetechete kufikira pa e8, nigwada, nipereka moni, ndipo mfumu ija pounguza kothawira imapeza kuti khoma limene idamangira adani latsekereza iyo yomwe. Akatswiri amalangiza kuti msilikali mmodzi asunthidwiretu kutsogolo nyengo ikali yabwino, kuti pakhale kampata kotulukira. Koma uphungu umenewu Ndadziwakale amaumva ngati wonenera anzake.

Pali imfa ina yoposa imeneyi manyazi, imene idalembedwa kale m'buku la Lucena losindikizidwa ku Salamanca m'chaka cha 1497, ngakhale anthu amaitchula ndi dzina la Philidor, Mfalansa wopeka nyimbo amene adabadwa zaka zoposa 200 pambuyo pake, pakuti ulemu wa dziko lino kawirikawiri umagwera amene wabwera mochedwa atavala bwino. Mfumu ya Akuda ili pa h8, asilikali ake awiri ali patsogolo pake, ndipo kavalo wa Oyera waima pa h6. Pamenepo mfumukazi ya Oyera, imene ili chuma chonse cha mbali yake, imadziponya pa g8, pambali penipeni pa mfumu. Mfumuyo singaidye, popeza kavalo akulondera chipindacho. Nsanja ya Akuda, posowa chochita china, imaidya, ndipo pakuidya imakhala phwii pakhomo lokhalo limene linatsala. Kavalo uja nalumphira pa f7, mfumu nifa pakati pa anyamata ake, yothinidwa ndi chikondi chawo. Nkhani yonseyi, imene ine ndaifotokoza ndi mpweya wambiri chotere, osewera amailemba motere basi: Qg8+ Rxg8 Nf7#.

Koma tisaseke mfumu ya mtengo kufikira kuiwala munthu wa mnofu amene wakhala pampando. Mdzukulu wa Ndadziwakale akaona ndagi, diso lake limathamangira pa mfumukazi, ndipo asanawerenge nkomwe ankhondo a mdani amafuula kuti yaphweka, napereka tcheki, ndiko kuopseza mfumu, naperekanso ina, ndi kudabwa kuona mfumu ikungoyendayenda pabwalo ngati mwini mudzi m'mawa. Chimene iye sadziwa, popeza sadafunse, ndi chakuti opeka ndagi ali ndi mwambo wawo: yankho liyenera kukhala limodzi lokha, ndagi yopezeka ndi mayankho awiri imayesedwa yoola, ndipo ulendo woyamba, umene ndiwo kiyi wa zonse, kawirikawiri sukhala wa tcheki kapena wodya kanthu, koma waulesi m'maonekedwe, monga mfumukazi kubwerera kungodya kumene palibe akuifuna. Ndipo popeza lamulo la tchesi silola munthu kunena kuti ine ndapuma, sewerani inu, Akuda amakakamizidwa kusuntha kanthu, ndipo chilichonse chimene asuntha chimatsegula manda. Ajeremani adapatsa tsoka limeneli dzina lakuti Zugzwang. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nkhono ya opeka ndagi ndi yamanyazi koposa zonse.

Sam Loyd wa ku America, amene adali mfiti ya ndagi zotere, adali ndi bwenzi la fuko lomweli, limene linkadzitama kuti likangoponya diso pa ndagi limadziwa wankhondo amene adzabaye mfumu. Loyd adalikonzera ndagi ya maulendo asanu, imene idatuluka m'chaka cha 1861 ndipo imatchedwa Excelsior, nabetcha nalo chakudya chamadzulo kuti silingathe kuloza ngakhale wankhondo mmodzi amene sadzapha. Bwenzi lija, poona kuti lapatsidwa chakudya chaulere, lidaloza kamsilikali ka pa b2, kamene kadali kasanachoke nkomwe pakhomo pa amake. Ndipo taonani, kamsilikali komweko ndiko kadanyamuka, kupita pa b4, kudya pa c5, kukwera pa c6, kudyanso pa b7, ndi kukamaliza pa a8 kumene kadavekedwa ufumukazi ndi kupha mfumu nthawi yomweyo. Sindikayika kuti chakudyacho chidamkomera Loyd.

Mankhwala a matenda amenewa alipo, koma ndi owawa ndi ochuluka. László Polgár wa ku Budapest, atate wa Susan, Sofia ndi Judit, adasonkhanitsa m'buku limodzi lolemera ngati njerwa zingapo ndagi ndi masewera 5,334, ndipo mwa zimenezi 306 zoyamba ndi za ulendo umodzi wokha. Ndadziwakale amazilumpha zimenezo, nati ndi za ana. Anawo amazichita zonse, nakula, namgonjetsa.

Tsopano tifike pa mlandu umene wagawanitsa mabanja a osewera, ndiwo wa kalembedwe ka yankho. Mizere yoimirira ya bolodi ili ndi zilembo kuyambira a kufikira h, yopingasa ili ndi manambala kuyambira 1 kufikira 8, ndipo chipinda chilichonse chili ndi dzina limodzi. Njira imeneyi idaonekera kale m'buku la Philipp Stamma wa ku Aleppo, losindikizidwa ku Paris m'chaka cha 1737, koma Angerezi ndi Aamereka adaikana zaka zoposa 200, nakakamira kalembedwe kawo kamene chipinda chimodzi chinali ndi maina awiri, lina la Oyera, lina la Akuda, kotero kuti pamene ife timati e4, Oyera ankati K4 ndipo Akuda K5, aliyense kuwerengera kuchokera pakhonde pake. Ngakhale buku la Bobby Fischer la masewera ake 60, la 1969, lidatuluka m'chinenero chimenecho, kufikira bungwe la tchesi la FIDE lidaleka kuchivomereza m'chaka cha 1981. Mtendere ukadayenera kudza pamenepo, koma opambana adagawikanso pawiri. Ena amalemba mwachidule, kutchula wankhondo ndi kumene wafika, monga Nf3. Ena amalemba mwautali, kutchula kumene wachokera ndi kumene wafika, monga Ng1-f3. Malamulo amalola zonse ziwiri, ndipo n'chifukwa chake mkanganowo sutha.

Kwathu mlendo akafika pamudzi, akalandiridwa katundu ndi kupatsidwa mpando, amapereka malonje: anena kumene wachokera, anthu amene wawasiya ndi mmene adadzukira, mitsinje imene waoloka, ndipo pomaliza pake chimene chamuyendetsa, ndipo munthu wongotulukira nkunena kuti ndafika, eni mudzi amamuyang'ana kumapazi ndi kuyamba kuwerenga mbuzi zawo. Kalembedwe kautali ndi malonje a ankhondo. Kachidule kamaimika kavalo pa f3 popanda mawu ena, pokhulupirira kuti wowerenga akudziwa kale kumene kavaloyo adagona. Ndipo ndiyenera kuvomereza, pakuti sindifuna kuweruza mlandu ndi khutu limodzi, kuti kwa munthu amene bolodi lili m'mutu mwake chikhulupiriro chimenechi ndi choona, kuti inki ndi pepala zimapulumuka, ndi kuti wosewera amene wotchi ikumudyera mphindi alibe nthawi yofotokoza mbiri ya kavalo aliyense. N'chifukwa chake mabuku ambiri a lero, ndiponso mafailo a PGN amene masewera amasungidwamo chiyambire 1993, amatsata chidule.

Vuto limabadwa pamene awiri ofanana angathe kufika pa chipinda chimodzi. Kavalo wina ali pa b1, mnzake ali pa f3, ndipo onse awiri njira ya ku d2 akuidziwa. Wolemba Nd2 wamanga nyumba yokongola, yozira bwino, yofolera bwino, koma wowerenga aizungulira kufikira dzuwa kulowa osapeza polowera. Lamulo likuti alembe Nbd2 kapena Nfd2, ndiko kunena kuti chidule chikapanikizidwa chimabwereka kachidutswa ka malonje kwa mbale wake amene chimamuseka masiku onse. Ndipo pa nsanja ziwiri ndiye pali misozi yakale, kotero kuti pakati pa osewera pamayenda nthabwala yakuti ukaganiza mofatsa ndi kusankha nsanja yoyenera, usunthe inayo. Pa ndagi kusiyana kumeneku ndi kwa moyo ndi imfa, pakuti nsanja imodzi imapha, inayo imangopatsa mfumu mpata wokaona abale. Ndipo ndawaonapo ena ochenjera amene amasiya dala chilembo chosiyanitsacho, kuti yankho likaululidwa anene kuti iwo amatanthauza yomweyo.

Kale kuchenjera kotere kunali ndi mphotho yake. Pa mipikisano ikuluikulu, makompyuta asanayambe kuuza anthu zochita, masewera akatalika ankaimitsidwa kuti adzapitirizidwe nthawi ina. Ndipo kuti wina asagone usiku wonse akudziwa chimene mnzake wasewera, woyenera kusuntha ankalemba ulendo wake mobisa, nautsekera mu envulopu, naupereka kwa woweruza. M'mawa envulopu ikatsegulidwa, napezeka mawu a nkhope ziwiri amene tanthauzo lake silingatsimikizike, lamulo linali lakuti wolembayo wagonja, ngakhale adali ndi ankhondo ochuluka ngati mchenga. Taganizani za munthu amene wakhala maola asanu akutuluka thukuta, nalota chipambano usiku wonse, nadzuka, nameta ndevu, nkukagonja chifukwa cha chilembo chimodzi chimene adachiyesa chosafunika.

Ndipo chidule chili ndi msampha wina kwa woyenda maiko, pakuti zilembo za ankhondo zimatsata chilankhulo cha wolemba. Mngerezi akalemba R akunena nsanja, Mfalansa akalemba R akunena mfumu. Kavalo ndi N ku London, S ku Berlin, C ku Paris. Ndipo opeka ndagi a Chingerezi, pofuna kuti pasakhale wopuma, amalemba S pamene anzawo a m'dziko lomwelo amalemba N. Wophunzira amene watola buku la ndagi pamsika wa mabuku akale, osayang'ana kumene lidasindikizidwa, angathe kutha madzulo onse akuyesa kuyendetsa mfumu ulendo wa nsanja. Koma kukadalembedwa kumene wankhondo wachokera, akadangoyang'ana pa chipindacho ndi kuona yekha amene waimapo. Osewera pa makalata, amene mdani wawo ali kutsidya kwa nyanja ndipo kulakwa kumodzi kumadya masabata, adazindikira zimenezi kalekale, nataya zilembo zonse, kotero kuti msilikali wochoka pa e2 kupita pa e4 amalembedwa 5254, Mrasha ndi Mpwitikizi namvana popanda womasulira.

Chondiseketsa koposa ndi khalidwe la makina. Stockfish ndi anzake, amene palibe munthu wobadwa mwa mkazi angawagonjetse pa mpikisano, ndiwo akadayenera kuyankhula mwachidule ngati mabwana. Koma polankhulana ndi pulogalamu imene imationetsa bolodi, mwa dongosolo la UCI limene lidatuluka m'chaka cha 2000, amanena modzichepetsa kuti g1f3, chochokera ndi chofikira, osatchula ngakhale udindo wa woyendayo, ndipo pulogalamuyo ndiyo imafupikitsa mawuwo kuti ife tiwerenge ndi kudzimva akatswiri.

Chiweruzo changa, ngati wina achifuna, ndi chakuti mwana wa sukulu ndi nkhalamba yoyamba kumene alembe mwautali kufikira maina a zipinda atawalowa m'magazi, makamaka popeza wolemba chotere akasokera pakati pa ndagi angathe kubweza ankhondo m'mapazi mwawo mmodzimmodzi, chinthu chimene chidule sichilola. Ndipo akadzakula afupikitse, koma asanatseke cholembera ayang'ane ngati kavalo ali ndi mnzake pafupi. Pokhapo pamene ndingamkhululukire munthu aliyense chidule popanda kufunsa ndi pa ndagi za Ottó Bláthy, injiniya wa ku Hungary amene adathandiza kupanga transifoma ya magetsi, ndipo madzulo, ntchito itatha, ankapeka ndagi zimene mfumu imafa patapita maulendo oposa 250. Pakuti wofuna kupereka malonje a ulendo uliwonse pamenepo ayenera kuyamba wagula kope latsopano, nauza a kunyumba kuti asamdikire pa nsima.