Kumwetulira kwa wantchito amalipira ndi bwana

Ine, katswiri wa zamalonda amene chuma chake chonse ndi ngongole ya shuga pa okala, ndili ndi mfundo imodzi yoti mabwana amve: nkhope imene kasitomala amaipeza pa kauntala imakonzedwa ku ofesi ya malipiro. Ife ogula timafulumira kudandaula kuti mtsikana wa m'sitolo ndi wamwano, osafunsa kuti analandira liti komaliza, kapena ngati walawa kanthu chim'mawa. Timafuna atilandire ngati tadzagula galimoto, chonsecho tangogula machesi ndi ndalama yong'ambika, jumbo tikufunanso yaulere.

Umboni ndibwereka kwa anthu andalama, poti wanga ndilibe. Mu 1913 fakitale ya galimoto ya Henry Ford ku Highland Park inalemba anthu oposa 50,000 kuti ikhale ndi antchito pafupifupi 14,000, chifukwa anthu ankathawa ntchito yomanga bawuti imodzimodziyo tsiku lonse. Mu Januwale 1914 Ford anawirikiza malipiro kufika $5 pa tsiku, n'kudula maola kuchoka pa 9 kufika pa 8, ndipo kuthawa kuja kunachepa kwambiri. Sichinali chifundo ayi. Kuphunzitsa munthu watsopano sabata iliyonse kumadya ndalama, ndipo mlendo pa ntchito amalakwitsa, cholakwikacho n'kukathera kwa wogula. Koma $5 ija inali ndi malamulo ake: kampani inkatuma anthu m'makomo kukaona ngati wantchito sakonda bibida, kotero ine ndi anzanga a pa benchi tikanatsala pa malipiro akale. Herb Kelleher wa kampani ya ndege ya Southwest Airlines naye ankaika antchito patsogolo pa makasitomala, poona kuti wantchito wosamalidwa amasamala wokwera, wokwerayo n'kudzabweranso. Kampaniyo inapeza phindu zaka 47 zotsatizana, kuyambira 1973 mpaka 2019, m'malonda amene makampani ena akuluakulu ankagwa ndi ngongole.

Bwana wa kuno ayankha kuti zimenezo ndi za ku America, kuno wina akachoka, pageti pali khamu lonyamula maenvelopu a khaki. Akunena zoona, ndipo m'khamumo mwina ndilimo. Koma wantchito amene alibe kothawira ndiye woopsa, chifukwa thupi limakhala pa ntchito mtima utapita kale, ndipo mkwiyo umene sangauonetse kwa bwana amaupereka kwa ine pamodzi ndi chenje. Taonani minibasi. Mwiniwake amafuna tageti yake madzulo, dalaivala ndi kondakitala amadya zotsala. Kodi tikudabwa chiyani akatipanikiza anayi pa mpando wa atatu, akathamanga kulanda okwera, akaiwala dala chenje? Mwano wa kondakitala analemba ndi mwini galimoto ali kunyumba.

Ena ati makasitomala a kuno sitichoka, timatukwanidwa lero mawa tili pamzere womwewo, tikupatsanso moni wotitukwanayo. Pamenepo ndivomere, ndife anthu opirira mochititsa manyazi. Koma kupirira kwathu kumatha tsiku limene wina watsegula pafupi. Njinga zamoto za kabaza zitadzaza m'matauni, ambiri tinazikwera pa maulendo aafupi, opanda chipewa, tikupemphera pa bampu iliyonse ndi kulipira zochulukirapo, bola wotinyamulayo akutitcha kuti bwana ndi kutitsitsa pakhomo penipeni.