Mzukwa wa m'kiyibodi sufuna mneneri

Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kiyibodi yatsopano yasanduka chinthu chongoonera pawindo la sitolo. Ndiye yakale ija ikayamba kulira mawu amene palibe wawakhudza, kwaya yonse imatembenukira woyimba, iye n'kuloza mzukwa. Ine, amene ndikatsogolera nyimbo ngakhale agalu amasamuka, ndikumuikira kumbuyo: mzukwawo ulipodi, moti akatswiri a zamagetsi anaupatsa dzina loti ghosting. Chimene ndikukana n'choti tiitane mneneri kapena tiyambe msonkhemsonkhe wa kiyibodi ina.

Mzukwawu mayi wake ndi kuumira. Makiyi 61 akanafuna waya aliyense wakewake, koma microcontroller, kachipangizo kowerenga makiyiwo, kali ndi miyendo yochepa. Choncho opanga amayala mawaya 8 chopingasa ndi ena 8 chotsika, pokumana pake n'kukhala 64, mawaya 16 basi. Kachipangizoko kamayatsa mzere umodzi n'kufunsa amene alipo, kenako mzere wina, ngati aphunzitsi akuitana mayina m'mawa, koma mwaliwiro loposa kuphethira. Zimavuta makiyi atatu akadinidwa pangodya zitatu za bokosi limodzi. Magetsi amalowera pa kiyi yoyamba, n'kubwerera chambuyo pa yachiwiri, n'kutulukira pa yachitatu, basi ngodya yachinayi yayankha kuti "ndilipo" chonsecho yajomba. Wolemba kalata pakompyuta sakumana nazo kawirikawiri poti amadina imodziimodzi. Woyimba ndiye amadina zitatu nthawi imodzi, do, mi, so, mzukwa n'kulowa m'kwaya wopanda yunifolomu.

Mankhwala ake ndi diode, kanthu kolola magetsi kupita mbali imodzi yokha, monga 1N4148, kamene mtengo wake sufika mbale ya nsima. Kiyi iliyonse ikhale ndi kake, njira yobwerera yatsekeka. Amene amadzipangira kiyibodi ndi kachipangizo ka Arduino amakonda kutisiya tizinthuti, pomwe m'kiyibodi yogula mzukwa nthawi zambiri umatanthauza kuti kena kapsa n'kumadutsitsa magetsi mbali zonse, kapena wokonza anakaika chozondoka.

Wina anena kuti ndi fumbi chabe. Ayi, bambo, mizukwa ili ndi mitundu. Fumbi pa timalabala ta pansi pa makiyi limachititsa kiyi kukana kulira kapena kulira mokuwa. Kiyi ikalira kawiri itadinidwa kamodzi, ndiye kuti switch ikunjanja, ndipo pulogalamu ingouzidwa kudikira mamilisekondi angapo. Mawu akamadzilirira popanda wokhudza, onani ngati mwendo wa microcontroller uli ndi pull-up resistor, kanthu kougwira kuti usakhale lende, chifukwa mwendo wosiyidwa lende umamva zilizonse ngati ine pamaliro usiku. Mzukwa weniweni ndi waulemu: umabwera pamalo omwewo, ndi makiyi atatu omwewo. Dinani, lembani, yezani diode ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wina wophunzira kwambiri anena kuti pulogalamu ingakane kiyi yachitatu ikangokayikira, osagula diode. Makiyibodi otchipa a kompyuta amaterodi. Koma pamenepo mwathamangitsa mzukwa pamodzi ndi mwininyumba, nyimbo yatsala ndi do ndi mi, so ali panja akulira. Nzeru imeneyi timaidziwa bwino, chifukwa mizukwa ina imayankha "ndilipo" pamndandanda wa malipiro aboma, ndipo akati ayeretse mndandandawo, amene amagona ndi njala ndi mphunzitsi wamoyo amene dzina lake lasowa. Mzukwa sudzilemba wokha ntchito. Umalowa pamene wina anasiya dala njira yobwerera, podziwa kuti chotulukira uko chigwera m'thumba la ndani.

Choncho a kwaya, sungani mafuta odzozera ndi ndalama zanu. Gulani diode, kiyi iliyonse ikhale ndi yabwino, ndipo mawu owonjezera akapitirirabe, mwina ndine ndikuyimba kumbuyoko.