Kachipewa ka pa W

Ku Chongwe mwana akabadwa, amake amazindikira msanga kuti mimba inali yawo okha koma mwana ndi wa anthu ambiri. Mchombo ukangogwa, abale amayamba kutsika m'maminibasi pa Great East Road, wina wanyamula nkhuku, wina sopo, wina chimanjamanja, koma aliyense ali ndi dzina m'thumba. Pabanja lina la kuseri kwa msika, mlandu wa dzina unatha mwachangu modabwitsa. Akuchimuna ndi akuchikazi anavomerezana kuti mnyamatayo akhale Dziwani, dzina la malemu agogo ake a ku Katete. Nkhuku inali itagawidwa kale, anthu akusamba m'manja, pamene amalume a bambo wa mwanayo anavula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, n'kufunsa mwaulemu woopsa uja wa aphunzitsi opuma ntchito:

"Pepani akuluakulu, kodi dzinali mulilemba motani?"

Amalumewa anasulidwa ku Chalimbana, ndipo ngakhale choko anachisiya kalekale, akalandira kalata ya maliro amayamba akonza kalembedwe kenako n'kulira. Anatulutsa bolopeni, kutembenuza katoni ya sopo, n'kulemba mwa zilembo zazikulu: DZIŴANI. Pamwamba pa W panali kachipewa.

"Malemu sanali Dziwani ayi," anatero. "Anali Dziŵani. Milomo iyandikane ngati mufuna kutchula b, koma isagundane. Tayesani nonse."

Nsima inazizira anthu akuyesa. Bambo wa mwana anatulutsa "Dzibani". Mlamu wawo anatulutsa "Dzivani" pamodzi ndi kafupa ka nkhuku. Amene anakhoza ulendo woyamba ndi ambuya, gogo wa mano atatu amene sanapondepo m'kalasi, ndipo anadabwa kuona anthu akuwaombera m'manja chifukwa chotchula dzina la mwamuna wawo.

Tisawanamizire amalume, mfundo anali nazo. Chilembocho si chopeka chawo. Kwa zaka zambiri dziko la Malawi linkasindikiza dzina lake pa masitampa ndi kachipewa komweko, MALAŴI. Mukatsegula Buku Loyera mupeza nthaŵi, maŵa ndi kudziŵa zonse zitavala. Atumbuka nawo amachilemba akamanena ŵanthu. Ndipo kutali ku Wales, anthu amene sanalawepo chikanda amagwiritsa ntchito chilembo chomwechi m'chinenero chawo. Zonsezi amalume anazifotokoza ataimirira, chala chili m'mwamba, ngati kuti inspekitala wakhala kumbuyo kwa kalasi.

Woyamba kuwavomera anali azakhali a ku Lusaka, amene amakhala ku Kalingalinga koma akafunsidwa amati "cha ku Kabulonga uko". Iwo za Buku Loyera analibe nazo ntchito. Chinawasangalatsa n'chakuti dzinalo likuoneka lakunja.

"Achimwene, musakane," anauza bambo wa mwana. "Dzina lokhala ndi kanthu pamwamba limalemekezeka. Mwana akadzapita kofunsira ntchito, mabwana adzaganiza kuti anabadwira ku Paris."

Azakhaliwa mwana wawo wamkazi anamuika kamzere pamwamba pa e womalizira, ndipo mpaka lero palibe m'banjamo amene akudziwa ngati kamapendekera kumanja kapena kumanzere. Pa khadi la ubatizo kanagwera uku, pa keke ya tsiku lobadwa kanagwera uko.

Otsutsa anatsogoleredwa ndi mayi wa mapemphero, mnansi amene sanaitanidwe koma anamva fungo la nkhuku mumzimu. Anayang'ana katoni ija nthawi yaitali, n'kupukusa mutu.

"Ine ndikuona chivindikiro," anatero. "Madalitso amachokera kumwamba. Mukaika chinthu pamwamba pa dzina la mwana, alowera pati? Komanso uyu ndi mwamuna. Mwamuna salowa m'tchalitchi atavala chipewa."

Bambo wa mwana, munthu wogulitsa simenti ndi malata, anali ndi funso limodzi lokha: "Kodi kachipewako amalipiritsa?" Amake mwana sanafunsidwe kanthu. Anali m'chipinda, akupempha Mulungu kuti alendowo apeze minibasi kusanade.

Mawu anzeru anachokera kumene sankayembekezeka, kwa mphwake wa bambo, mnyamata wa pa kabufu ka ndalama za pafoni pa siteshoni, amene tsiku lonse amakhalira kuwerenga mayina a anthu pa kagalasi kong'aluka.

"Asikulu, pafoni yanga mukadina w n'kugwiritsa, kachipewako kamabwera. Koma pakompyuta ya mu ofesi simukapeza batani lake. Ndiye tsiku lina munthu adzatumiza ndalama, pafoni padzatuluka dzina lina, pa reji pali lina. Ine zikatero sindipereka."

"Iwe unakhoza Cinyanja pa Giredi 9?" anafunsa amalume.

"Ayi."

"Khala pansi."

Anakhala pansi, ndipo kachipewa kanapambana.

Ulendo wake unayambira kusikelo. Anesi oyamba anakalemba ndi dzanja pa khadi, mokoma mtima, amalume ataima kumbuyo kwawo. Mwezi wotsatira anesi ena anakaona ngati chizindikiro chakuti chilembocho n'cholakwika, ndiye pokopera m'kaundula anachidumpha. Mwana anaitanidwa pamzere kuti "Dziani", amake osayankha, mpaka anthu onse anapita. Mwezi wachitatu wina anayesa kukapukuta ndi chala, poganiza kuti ndi nyerere yofera pakhadi.

Kenako linafika tsiku la setifiketi ya kubadwa. Amalume anavala jekete, bambo anatseka shopu, n'kupita ku ofesi ina imene sitiitchula. Mlembi anali mtsikana waulemu. Anawerenga fomu, kuyang'ana kiyibodi, kuyang'ananso fomu.

"Atate, aka n'kachiyani?"

Amalume anayamba ndi masitampa a ku Malawi. Atafika ku Wales, mzere kunja unali utazungulira mtengo wa mango. Mtsikanayo anaitana mnzake, mnzakeyo anaitana mnyamata wodziwa makompyuta, amene anakopera chilembocho pa intaneti n'kuchimata m'bokosi la dzina. Onse anaombera m'manja. Atadina batani, pagalasi panatuluka DZI?ANI.

"Mwaona," anatero bambo motsitsa mawu, "ngakhale kompyuta ikufunsa."

Kompyutayo siinachite mwano, inangotsatira mwambo wa makina anzake. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'boma lomwe lino la Chongwe, ndipo aliyense wodutsa pamenepo popita kunja kwa dziko amanyamula pasipoti yokhala ndi mizere iwiri pansi pa chithunzi, imene amawerenga ndi makina. Malamulo a bungwe la ICAO amalola m'mizere imeneyo zilembo A mpaka Z, manambala, ndi kachizindikiro kodzazira mipata, basi. Ŵ akafika pamenepo amavula chipewa n'kukhala W wamba, kaya mwini wake ndi wa ku Katete kaya wa ku Cardiff. Ngakhale a Ng'andu ndi a Ng'uni amasiya kankhodolero kawo pakhomo.

Komatu kulimbira kachizindikiro si matenda a ku Chongwe okha. Ku France, mwana wina wobadwa mu 2017 mumzinda wa Quimper anapatsidwa dzina la chinenero cha ku Brittany, Fañch, ndipo khoti linakana kanjoka ka pamwamba pa n ponena kuti si ka Chifalansa. Makolo anachita apilo, ndipo mu 2018 khoti la ku Rennes linawavomera. Amalume atamva nkhaniyi anawala nkhope, nati nawonso apita kukhoti. Bambo anawerengera mtengo wa loya m'matumba a simenti, nkhani ya khoti n'kufera pomwepo.

Choseketsa n'chakuti timamenyera chipewa pomwe malaya enieniwo ndi ong'ambika. Tengani mapepala a munthu mmodzi aliyense wa kuno muwayale pamphasa, mupeza anthu atatu. Kalembedwe kamene Unduna wa Zamaphunziro unavomereza mu 1977 kamalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch, ndiye mwana amene kunyumba ndi Chikondi, m'buku la Cinyanja amadzipeza ali Cikondi. L ndi r amasinthana mashifiti mopanda kuuza munthu: pa khadi la sikelo Phiri, pa kaundula wa sukulu Phili. Kankhodolero ndiye kamagwa paliponse, chonsecho n'kamene kali ndi ntchito yeniyeni, poti ng'oma imaimbidwa pamene ngoma imathawira kutchire. Ndipo poti kuno ndi kwa Asoli, dziko la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, kumene kwadzaza Achewa, Ansenga, Abemba ndi Atonga, mlembi aliyense amalemba dzina monga likumvekera m'khutu la kwawo.

Zolakwikazi zimagona tulo zaka zambiri. Zimadzuka mwana akakwanitsa zaka 16 n'kukatenga reji, kapena pamene setifiketi ya Giredi 12 ikukana kufanana ndi reji ija pakhomo la koleji, kapena potsegula akaunti kubanki. Pamenepo munthu amakaima pamaso pa wolumbiritsa, n'kulipira ndalama kuti alumbire pa afidaviti kuti iye ndi iye yemwe. Palibe lumbiro lomvetsa chisoni kuposa limeneli, ndipo palibe banja kuno limene silinalumbirepo.

Mlembi uja ndiye anathetsa mlandu, mosadziwa. Pofuna kulemba mboni, anapempha reji ya amalume. Anaiyang'ana, kuyang'ana siginecha ya pafomu, n'kufunsa:

"Atate, nanga pano bwanji palembedwa l, inu mwasaina ndi r?"

Kunja mbuzi inalira. Amalume anakhosomola, kukonza tayi, n'kunena kuti imeneyo ndi nkhani ina. Bambo wa mwana ndiye anaulula zonse ali m'minibasi: nkhani inayo ndi imene yachedwetsa ndalama za penshoni za amalume, poti fayilo ya ntchito ikunena munthu wa r, reji ikunena munthu wa l, ndipo anthu awiriwa sanakumanepo. Mphunzitsi amene anakwapula theka la Chongwe chifukwa cha kalembedwe wakhala akuyenda ndi dzina lolakwika m'thumba la jekete chitengereni reji ali mnyamata.

Madzulo ake banja linakhalanso pansi, ulendo uno popanda nkhuku, choncho mayi wa mapemphero sanaoneke. Amake mwana analankhula koyamba chiyambire mlanduwo.

"Amalume, kachipewa kanu sindikukana, n'kokongola. Koma amene adzaime pamizere ndi mwanayu, si inu, si azakhali ake. Pamapepala onse a boma alembedwe mofanana, chilembo ndi chilembo, Dziwani wopanda kanthu. Kunyumba kuno muvekeni zipewa ngakhale zitatu."

Ambuya anavomereza: "Ine mwamuna wanga ndinkamuitana ndi pakamwa, osati ndi bolopeni, ndipo ankabwera."

Anagwirizana motero. Setifiketi inatuluka ndi W wosavala. Amalume anapatsidwa ufulu wonse pa makeke, makhadi a Khirisimasi ndi chikuto cha mabuku a sukulu, ndipo ntchitoyi amaigwira mokhulupirika: akabwera kudzacheza, bolopeni yofiira imatuluka tiyi asanafike. Anafika poveka kachipewa pa W wa pa chikwangwani cha shopu ya bambo, pa mawu akuti HARDWARE.

Mwanayo tsopano akuyenda, ndipo akuthamangitsa nkhuku za anansi. Mukafika kuseri kwa msika n'kufunsa nyumba ya kwa Dziwani, kaya mwatchula ndi milomo yogundana kaya yosagundana, anthu angokuyang'anani. Mufunse kwa amake Juniya.